KODI GAWO LALIKULU NDI LITI?

Alimi anzanga a ku Sanga, Chintheche, Kande, Mpamba ndi Usisya, ndi inu nonse okhala m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, sabata ino sindinena za mizere kapena za manyowa ayi. Ndifuna tikambirane za kagawidwe, pakuti ndaona anthu akhama pa khasu ndi pa nkhafi akutaya phindu lawo pa tsiku logawana, chifukwa chosadziwa kuyerekeza magawo.

Ndili pa ulendo woyendera minda kufupi ndi Sanga, ndinacheza ndi mayi wina wamasiye amene anabwereketsa dimba lake la mpunga kwa mnyamata wa m'mudzi momwemo. Mnyamatayo anati, "Amayi, sankhani nokha. Pokolola ndidzakupatsani gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena limodzi mwa magawo anayi." Mayiyo, poona kuti zinayi ziposa zitatu, anasankha magawo anayi. M'dimbamo munatuluka matumba 12, ndipo iwo analandira matumba 3. Akadasankha magawo atatu akadalandira matumba 4. Mnyamata uja sanabe, sananamenso, koma thumba lathunthu la mpunga linachoka pakamwa pa ana amasiye.

NAMBALA YA PANSI

Ana a sukulu alemba magawo amenewa motere: 1/3 ndi 1/4. Nambala ya pansi inena kuti chinthucho chadulidwa pangati, ndipo ya pamwamba inena zidutswa zimene inu mutenga. Taganizani za mbale ya kondowole. Mukaidya anthu atatu mukhuta, koma akabwera mlendo wachinayi, gawo la munthu aliyense lichepa. Motero nambala ya pansi ikamakula, chidutswa chichepa. Theka, ndiye 1/2, liposa 1/3, ndipo 1/3 iposa kota, ndiye 1/4, ndipo kota iposa 1/5. Pa thumba la feteleza la makilogalamu 50, theka ndi makilogalamu 25, kota ndi 12 ndi theka, koma 1/5 ndi makilogalamu 10 okha.

Agogo athu amene anagwirapo ndalama zakale, kwacha isanabwere mu 1971, adziwa bwino zimenezi. Shilingi inali makobiri 12. Sikisi inali makobiri 6, ndiye theka la shilingi, ndipo tiki inali makobiri 3, ndiye kota. Panalibe munthu wopusa wosinthanitsa sikisi ndi tiki, chifukwa zonse ziwiri anaziwerenga m'makobiri, ndipo kobiri lililonse linali lolingana ndi linzake. Nzeru yonse ya kuyerekeza magawo ili pomwepo: yambani mwaphwanya magawowo kuti akhale tizidutswa tolingana, ndipo pamenepo muwerenge.

NJIRA YA MIYALA

Tinene kuti inu ndi anzanu mufuna kugwira ntchito pa chilimira cha munthu wina. Doko lililonse lili ndi mapangano ake, koma pano tingoyerekeza. Mwini chilimira woyamba ati adzakupatsani 1/3 ya usipa, wachiwiri ati 2/5. Kodi mupita kwa yani? Apa maso okha sathandiza, pakuti nambala za pamwamba zasiyana, za pansinso zasiyana.

Chitani chotere. Chulukitsani nambala za pansi: 3 kuchulukitsa ndi 5 ndi 15. Tolani timiyala 15 pa mchenga. Poyamba tiikeni m'milu itatu yolingana, mutenge mulu umodzi, ndipo m'dzanja mwanu mukhala timiyala 5. Tsono tisonkhanitseninso, mutiike m'milu isanu, mutenge milu iwiri, ndipo mupeza timiyala 6. Kotero 2/5 iposa 1/3. Kusiyana kwa kamwala kamodzi kuoneka ngati kochepa, koma tsiku lopha zitini 30 za usipa, woyamba akupatsani zitini 10 ndipo wachiwiri zitini 12.

Akabwera wachitatu ndi kunena 3/10, funani nambala imene igawika bwino ndi 3, ndi 5, ndi 10 yomwe. Nambala imeneyo ndi 30. Pa timiyala 30, wa 3/10 apereka 9, wa 1/3 apereka 10, wa 2/5 apereka 12. Tsopano mwawandandalika onse atatu kuyambira wamng'ono kufikira wamkulu, ndipo palibe amene angakusokonezeni ndi pakamwa.

Ngati nthawi yachepa, yesani gawolo ndi theka. Theka la 8 ndi 4, ndiye kuti 3/8 sifika pa theka. Theka la 5 ndi 2 ndi theka, ndiye kuti 3/5 ipitirira theka. Pomwepo mwadziwa kuti 3/5 iposa 3/8.

GAWO LA CHIYANI?

Pali chinthu china chimene chigwetsa ngakhale odziwa masamu. Musamve gawo lokha, funsaninso kuti, "Kodi ndi gawo la chiyani?" Mwini chilimira wa 2/5 uja akayamba wachotsa zitini 10 za mafuta a injini ndi zina, patsala zitini 20, ndipo inu mulandira 8 zokha. Mnzake wa 1/3 akamagawa usipa wonse asanachotse kanthu, mulandira 10. Taonani, wamkulu uja wasanduka wamng'ono!

Chimodzimodzinso pa munda. Theka la munda wa ekala imodzi lichepa poyerekeza ndi kota ya munda wa maekala atatu, pakuti kota imeneyo ndi 3/4 ya ekala. Dziwaninso kuti ekala ndi pafupifupi 2/5 ya hekitala, motero theka la hekitala liposa ekala yathunthu. Mlangizi akakuuzani muyeso wa mbewu kapena wa feteleza, mufunseni ngati anena za ekala kapena za hekitala, kuti mungathire mopitiriza ndi kuwononga ndalama.

Tsono anzanga, musanavomere pangano lililonse la kugawana mpunga, chinangwa, usipa kapena munda wa makolo, khalani pansi ndi timiyala kapena njere za chimanga, pamaso pa mboni. Itanani mwana wanu wa sukulu alembe manambalawo pansi, inu muike milu. Musachite manyazi, pakuti safunsa anadya phula. Mayi a ku Sanga aja ndinawasonyeza njira imeneyi ndi timiyala 12 pakhonde pawo, ndipo anati chaka chamawa adzayamba aika milu asanayankhe. Ngati pali pamene simunamvetse, funsani Mlangizi wa kwanu kapena aphunzitsi a pa sukulu ya pafupi, ndipo adzakuthandizani.