Kalasi yalowa m'foni, koma bandulo ndi magetsi ndiye akulamula

Masiku ano wachinyamata wa ku Chinsapo kapena ku Area 25 atha kumvera mphunzitsi wa ku yunivesite akuphunzitsa pompopompo, iye ali khale pakhonde kwawo. Mphunzitsiyo akhale ku Bunda, ku Mzuzu kaya ku London, mawu ndi nkhope yake zimafika pafoni nthawi yomweyo, ndipo wophunzira akafunsa funso amayankhidwa. Kwa munthu amene masana amakhala ali kuntchito kapena pa geni, umenewu ndi mwayi waukulu. Nanga ndi angati akuukwanitsa?

Kuphunzira uli kutali sikunayambe lero m'dziko muno. Mu 1965 boma linatsegula Malawi Correspondence College, yomwe pano ndi Malawi College of Distance Education. Ophunzira ankalandira maphunziro papositi, ena n'kumamvera pawailesi, koma ukapanda kumvetsa unalibe womufunsa msanga.

Zinthu zinasintha mwadzidzidzi pa 23 Malichi 2020, pomwe sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Zinayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Sepitembala chaka chomwecho. M'miyezi imeneyo aphunzitsi ambiri a m'makoleji anayamba kugwiritsa ntchito Zoom, Google Meet, Moodle ndi magulu a WhatsApp. Mliri unapita, koma njirayi inatsala. LUANAR ndi Mzuzu University zili ndi maphunziro a anthu ophunzira ali kutali, ndipo Unicaf University, yomwe ili mumzinda wa Lilongwe momwemuno, imaphunzitsa kwambiri kudzera pa intaneti.

Vuto loyamba aliyense amalidziwa: bandulo. Kalasi ya ola limodzi, kanema ali woyatsa, imatha kudya ma MB mazanamazana. Mukawerengera makalasi anayi kapena asanu pa sabata, mupeza kuti ndalama ya bandulo ya Airtel kapena TNM ikulimbana ndi ya ndiwo komanso ya lendi. Starlink inafika m'dziko muno mu 2023, koma mtengo wa zipangizo zake ndi wosafikirika kwa wophunzira amene akukhala m'chipinda chimodzi ku Mgona.

Lachiwiri ndi magetsi. Ambiri tikukumbukira mdima wa mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale. Magetsi akathima foni imatha moto, netiweki nayo imayamba kuvuta, pomwe mphunzitsi akungopitiriza osadikira munthu.

Lachitatu ndi malo. Papoloti ya mabanja asanu ku Kawale kapena ku Biwi pamakhala ana akusewera, wailesi ya aneba ikulira, wina akukuwa kuti makala. Kwa atsikana pali zinanso. Anthu akakuona uli pakhomo, foni ili m'manja, amangoti ukucheza pa Facebook, basi akutume kumsika kapena kukatunga madzi. Makolo ndi achibale, mwana akati ali m'kalasi, mupatseni mpata ngati momwe mukanachitira akanakwera minibasi kupita kusukulu.

Pali njira zochepetsera mavutowa. Zimitsani kamera yanu ngati mphunzitsi sanakakamize kuti iyake, ndipo pamene palibe chofunika kuonera, mverani mawu okha, chifukwa mawu sadya bandulo ngati kanema. Pemphani kuti kalasi izijambulidwa, kuti netiweki ikakudulani mudzaimvere usiku pa bandulo yotsika mtengo. Ngati muli angapo a kosi imodzi ku Area 23, sonkhani ndalama, mukumane nyumba imodzi n'kumvera pafoni imodzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kalasi ikatha mumakhala ndi anzanu okambirana nawo. Tchajani foni ndi pawabanki nthawi ikadalipo, ndipo kope ndi cholembera zikhale pafupi, chifukwa zongomvera osalemba sizichedwa kuiwalika.

Chenjeraninso ndi akamberembere. Pa intaneti padzaza zotsatsa za madigiri achangu otsika mtengo. Musanalipire ngakhale tambala, fufuzani ku National Council for Higher Education ngati sukuluyo ndi kosiyo zili zovomerezeka. N'zowawa kutaya zaka ndi ndalama, kenako olemba ntchito n'kukana pepala lanu.

Dziwaninso kuti si zonse zingaphunzitsidwe pafoni. Namwino ayenera kukagwira odwala m'chipatala, wa zaulimi ayenera kukaponda m'munda. N'chifukwa chake makosi ambiri amafuna kuti nthawi zina muzikaonekera kusukulu, makamaka pa mayeso. Choncho musanalembetse, funsani kuti makalasi apompopompo ndi angati pa sabata, ngati amajambulidwa, komanso kuti mudzafunika kupita kusukuluko kangati. Mukatero muwerengere ndalama ya bandulo ndi ya mayendedwe pamodzi ndi fizi, kuti mudziwiretu mtengo weniweni wa digiri yanuyo.