Ndowa ya Kuseri kwa Chitseko

Munthu akaima pa Iponga m'mawa, pamsewu wa M1 umene uchokera ku Karonga kulinga ku chipata cha Songwe, naona amayi a malonda atamanga ndalama kunsonga ya chitenje ndi anyamata a kabaza akuitanira okwera, adzamva malangizo a mtundu uliwonse akuperekedwa kwa iye amene aoloka koyamba: kuti asinthe makwacha ndi mashilingi maso ali chipenyere, kuti pasipoti aisunge pafupi ndi thupi, ndi kuti akangoponda pa Kasumulu akankhire wotchi yake patsogolo ndi ola limodzi, popeza nthawi ya ku Tanzania itsogola pa yathu. Koma ilipo nkhani imodzi imene aliyense aidziwa ndipo palibe aitchula, ndiyo ya kumene munthu akadzithandizire thupi likamufunsa. Ndipo chifukwa cha manyazi amenewa ambiri amaoloka mtsinje ali mbuli, nakadya phula lija limene akulu anati anadya wosafunsa.

Kwathu kuno chimbudzi ndi dzenje, ndipo dzenje silikana kanthu. Chisononkho, tsamba, nyuzipepala yakale, tsamba la kope la mwana wa sukulu, zonse lizilandira mosadandaula, mwini nyumba nathirapo phulusa ndi kubwezera chivundikiro. Mdani wake m'chigwa chino cha mpunga ndi madzi okha, pakuti dothi ndi lofewa ndipo madzi apansi ali pafupi, kotero kuti Songwe akasefukira zimbudzi zimagwa, zonyansa n'kulowa m'zitsime. Ndipo anthu a ku Karonga sanaiwale kolera amene anabuka m'boma lino kumapeto kwa 2017, ndiye chifukwa chake alangizi a zaumoyo saleka kulalikira za chimbudzi cholimba ndi mpondagiya pakhomo pake. Uthenga wawo si wachilendo kwa owerenga Buku Lopatulika, popeza chaputala 23 cha Deuteronomo chinalamula ana a Israyeli kukhala ndi malo kunja kwa misasa, ndi chokumbira chakukwirira nacho.

Ine amene ndilemba izi ndinaphunzira mochititsa manyazi kuti kutsidya zinthu siziyenda motero. Pa ulendo wanga woyamba, titagona pa nyumba ina ya alendo mu Mbeya, ndinatsegula kachitseko ka kuseri, ndipo ndinapeza mbale yoyera yomizidwa m'simenti, yokhala ndi popondapo mapazi mbali ndi mbali, pambali pake mpope, pansi pa mpope ndowa yodzaza madzi, ndi kakapu ka pulasitiki kakuyandama m'ndowamo. Pepala panalibe. Ndinayesa kuti eni nyumba aiwala, ndipo ndinang'amba nyuzipepala imene ndinatenga kwathu. Koma pamene ndinathira madzi, mmalo moti atsike, anayamba kukwera pang'onopang'ono kulinga kumapazi anga, ine ndili chilili ngati mbuzi yogwidwa m'munda wa mwini. Mayi wina wachikulire wa kwathu, amene anazolowera njira ya ku msika wa Kariakoo mu Dar es Salaam kukagula zitenje, atandiona ndikufunafuna ndodo pabwalo, anaseka chamumtima nati, "Mwanangu, ndowa mwaiona ija sanaikire maluwa. Kuno amasamba, sapukuta."

Chimene ndinazindikira pambuyo pake ndi chakuti chimbudzi chilichonse chimamangidwa molingana ndi mwambo wa eni ake. Pansi pa mbale yoyerayo pali paipi yopindika ngati khosi la tsekwe, m'mene mumatsala madzi pang'ono nthawi zonse, ndipo madzi amenewo ndiwo atsekereza fungo ndi ntchentche kuti zisabwerere m'nyumba. Koma popindikapo ndi pothina, ndipo mphamvu yokankha si ya thanki yodzaza ayi, ndi ya makapu awiri kapena atatu othiridwa ndi dzanja, motero kuti pepala lolimba, thewera la mwana, nsalu za amayi kapena chisononkho zikafikapo zimakakamira, njira n'kutsekeka. Kuonjezera apo, nyumba zambiri ngakhale mu Dar es Salaam momwe sizinalumikizidwe ku mipope ikuluikulu ya zonyansa, koma iliyonse ili ndi dzenje lake lake limene likadzaza mwini amalipira galimoto yodzapopa. Ndiye mukaona kadengu kapena kachitini pakona, dziwani kuti ndimo motayira pepala ngati mwabwera nalo lanu. Asatero wina n'kumati umenewu ndi umphawi wa Afirika, pakuti ku Greece, kumene Azungu amakhamukira kukapuma, alendo amapemphedwa chimodzimodzi chifukwa cha kuchepa kwa mapaipi.

Kusamba ndi madzi kuli ndi malamulo ake, ndipo abale athu Achisilamu a ku Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota akhala akuwasunga kuyambira kale, kotero kuti chimene ife tikuchiyesa chachilendo chili m'dziko mwathu momwe. Dzanja lamanja ligwira kapu, lamanzere lichita ntchito, ndipo pa chifukwa chimenechi dzanja lamanzere siliperekera moni, silipatsira munthu ndalama, ndipo sililowa m'mbale ya mpunga. Nkhwayira mukazipeza pakhomo nza m'menemo basi, musalowe nazo kuchipinda. Ine ndiweruza kuti madzi ayeretsa koposa pepala, malinga sopo akhalepo potuluka. Pamene sopo palibe, ndi bwino kachidutswa kake kakhale m'thumba mwanu, pafupi ndi pasipoti ija.

Panjira ya basi nkhani ndi ina. Ulendo wochoka ku Kyela kufika ku Dar es Salaam umadya tsiku lathunthu, ndipo kondakitala akafuula kuti "kuchimba dawa," ndiko kunena kukumba mankhwala, sakunena za using'anga ayi, akunena chomwe ife timati kupita kuthengo, ndipo wanzeru amatsika ngakhale thupi lisanamufunse, chifukwa kutsogolo msewu ulowa m'nkhalango ya Mikumi, mmene muli njovu ndi mikango. M'malo okwerera mabasi chimbudzi amachitcha choo, ndipo pakhomo pamakhala munthu wolandira timashilingi. Pachitseko china palembedwa Wanaume, pa china Wanawake. Ndipo ndinaona ndi maso anga bambo wina wa kwathu, atagwira kamnyamata kake padzanja, akuwerenga mawu achiwiriwo monga "ana ake," nalunjika komweko mwachikhulupiriro, kufikira amayi a m'katimo anamubweza ndi mfuu imene sinasowe womasulira.