Kukonza Makatuni pa Kompyuta ndi Kalembedwe ka Chichewa: Nkhani ya Oŵerenga a ku East Rand

1.0 Mau Oyamba

M'nkhani ino tifuna kufotokoza zimene zimagwera mau a Chichewa pamene katuni ikukonzedwa pa kompyuta. Oŵerenga amene tili nawo m'maganizo ndi Amalaŵi okhala ku Germiston, Boksburg, Benoni, Springs ndi Tembisa, madera amene kuyambira m'chaka cha 2000 ali pansi pa khonsolo imodzi ya Ekurhuleni. Amalaŵi anayamba kale kufika kumeneko kudzakumba golide m'migodi monga ERPM ya ku Boksburg, ambiri kudzera mwa Wenela. Boma la Malaŵi linaimitsa ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, koma njira ya ku Joni sinamere udzu.

Chichewa sichili m'gulu la zinenero 12 zovomerezeka m'dziko la South Africa. Motero mwana wa Mmalaŵi wobadwira ku Tembisa amachimva pakhomo, koma kusukulu sachiona cholembedwa. Katuni yobwera pa WhatsApp kapena pa Facebook ndi amodzi mwa malo ochepa amene angachiŵerengepo, ndipo cholakwa cholembedwa pamenepo iye adzachitenga ngati lamulo.

2.0 Kachitidwe ka Ntchitoyi

Wojambula amayamba ndi pensulo ndi inki, nalowetsa pepalalo m'kompyuta ndi sikana, kaŵirikaŵiri pa timadontho 600 pa inchi kuti mizere isaphwanyike. Kenaka amachotsa zinyalala za papepala, nagawa chithunzicho m'magawo osanjikizana: mizere payokha, mitundu payokha, tibaluni ta mau patokha, malembo paokha. Njira yosanjikizayi inalowa mu Photoshop mu 1994, ndipo pulogalamu yaulere ya GIMP ilinso nayo. Ubwino wake kwa ife ndi wakuti katuni imodzi ikhoza kutuluka m'Chichewa, m'Chizulu ndi m'Chitsonga popanda kuijambulanso. Mavuto ake ndi awa.

3.0 Mavuto Anayi

3.1 Kutalika kwa liwu. Taonani zitsanzo izi:

(1) I will not see you again.
(2) Sindidzakuonaninso.

Chiganizo (1) chili ndi mau 6 aafupi amene akhoza kusanjidwa m'mizere itatu m'kabaluni kozungulira. Chiganizo (2) ndi liwu limodzi la malembo 18, pakuti mneni wa Chichewa amasenza kukana, mwininkhani, nthaŵi ndi pamtherankhani m'thupi mwake. Wokonza amene akusoŵa malo amachepetsa malembo kufikira osaŵerengeka pafoni, kapena amadula liwu. Podula ayenera kutsata maphatikizo, amene m'Chichewa amathera pa lembo la liwu: si-ndi-dza-ku-o-na-ni-nso. Pulogalamu yotsata malamulo a Chingerezi imakonda kudula pakati pa n ndi d, nkutulutsa "sin-didza", chimene nchosaloledwa. Chabwino nkuzimitsa chodulira chimenechi ndi kukulitsa kabaluni m'mbali.

3.2 Tizizindikiro ting'onoting'ono. Chipangizo chochotsera zinyalala chimafufuta kadontho kalikonse kamene kaima pakokha. Sichidziŵa kuti kankhodolero ka pa ng' ndi gawo la lembo:

(3) ng'oma, choimbira
(4) ngoma, nyama yam'tchire

Kachipewa ka pa ŵ kali pangozi yomweyo. Lemboli lili mu Unicode pa nambala U+0175, ndipo limagwiritsidwanso ntchito m'chinenero cha ku Wales, koma mitundu yambiri ya malembo opangidwira makatuni ilibe, ndipo m'malo mwake mumaoneka kabokosi kopanda kanthu kapena lembo la mtundu wina. Ndiponso chithunzi chosungidwa mwa JPEG chimataya timadontho tina nthaŵi iliyonse chikafinyidwanso, ndipo tizizindikiro timeneti ndito timayamba kusungunuka. Nchifukwa chake tikulangiza kuti malembo azilembedwa kuyeretsa kutatha, ndipo chithunzi chenicheni chizisungidwa mwa PNG, imene sitaya kanthu.

3.3 Mvekero. M'makatuni a Chingerezi, mau akuluakulu ojambulidwa kunja kwa kabaluni nthaŵi zambiri amatsanzira phokoso. Chichewa chili nawo otero, monga phwa! khu! chubwi! Koma mvekero wathu amapitirira phokoso: zii amanena za bata, bii za kuda, mbee za kuyera, psuu za kufiira. Tsono wokonza amene wasintha mtundu wa thambo kuti chithunzi chiwale, nasiya bii pomwepo, watsutsanitsa liwu ndi chithunzi. Mvekero ayenera kukhala pa gawo lakelake, chifukwa akamatidwa pa mizere, womasulira sangamchotse osabowola chithunzi.

3.4 Ulemu. Chingerezi chili ndi liwu limodzi pamene ife tili ndi iwe ndi inu. Chimene chimaonetsa wolankhula ndi kamchira ka kabaluni. Wokonza akatembenuza chithunzi kuti chikwane patsamba, naiŵala kusuntha kamchirako, mau akuti "Wachokera kuti iwe?" amachoka pakamwa pa gogo nkupita pakamwa pa mdzukulu. Nthabwala yasanduka mwano, ndipo mwana wa ku Tembisa uja waphunzira mwanowo.

4.0 Mau Omaliza

Bungwe la Chichewa Board, lokhazikitsidwa mu 1972, linalemba malamulo a kalembedwe poganizira makina osindikizira ndi taipi. Ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies mu 1996, koma malamulowo sanena kanthu za mau ojambulidwa m'chithunzi. Mau otere kompyuta imawaona ngati timadontho chabe, kotero kuti salowa okha m'nkhokwe zathu za mau, chikhalirecho ndi mmene mukupezeka Chichewa chapamsewu ndi chosakaniza cha atchona. Tikupempha akatswiri anzathu zinthu ziŵiri: kuti tilembe mndandanda wa mitundu ya malembo imene ili ndi ŵ, tiupereke kwa ojambula, ndi kuti, mwa chilolezo cha eni makatuni, tizisunga mau a katuni iliyonse m'malembo wamba pambali pa chithunzi chake.