Kompyuta Ikamapempha Flash Player

Anthu amene akali kugwiritsa nchito makompyuta akale ku Libala, Kabwata ndi madera ena a mu Lusaka nthawi zina amaona uthenga wowauza kuti aike Flash Player asanaonere kanema kapena kumvera wailesi pa intaneti. Akayesa kuiika, imakana.

Kompyutayo sinaonongeke. Kampani ya Adobe inasiya kusamalira Flash Player pa 31 December 2020, ndipo kuyambira pa 12 January 2021 pulogalamuyi inaleka kutsegula makanema. Chrome, Firefox ndi Edge anaicotsa. Java ndi Silverlight zinatsekedwa kale, mu Chrome mu 2015 ndi mu Firefox mu 2017.

Motero tsamba lopempha Flash lero ndi lakalekale, kapena ndi msampha wa akuba. Cimene munthu amaika poganiza kuti ndi Flash cingakhale pulogalamu yoba mapasiwedi, ngakhale a ku banki, ndipo mwini wake amazindikira ndalama zitapita kale. Ndi bwino kutseka tsambalo osadina ciliconse.

Masamba amakono amaseweretsa mau ndi kanema popanda plugin, malinga browser ikhale yatsopano. Apa ndi pamene eni ake a Windows 7 amavutika, cifukwa Chrome yomaliza ya makina amenewa ndi 109, ya mu January 2023. Iwo afunika Windows yatsopano, kapena kumvera pa foni.

Ngati extension ndiyo ikukana, aicotse ndi kuitenganso ku Chrome Web Store. Magetsi akazima kapena bando ikatha pakati, fayilo imatsika yoduka ndipo ayenera kuyambiranso.