Mwana "Wosamva" M'kalasi Mwathu

M'Chicheŵa mawu akuti "wosamva" ali ndi matanthauzo aŵiri. Timawanena kwa mwana wamwano, timawanenanso kwa mwana amene makutu ake satola mawu bwino. Ife aphunzitsi timafulumira kutenga tanthauzo loyambalo, ndipo mwana wodwala khutu amalandira chilango m'malo mwa mankhwala. Inu amene mukupita kukayesera uphunzitsi ku Mtengowanthenga ndi m'sukulu zina za m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi mudzakumana naye mwana ameneyu, mwina sabata yoyamba yomwe.

Tiyambe ndi khutu lenilenilo. Kumapeto kwa bowo la khutu kuli nembanemba yopyapyala imene imanjenjemera mawu akaigunda, monga chikopa cha ng'oma. Kuseri kwake kuli kachipinda kokhala ndi timafupa titatu, ndipo kuchokera m'kachipindako kanjira kena kamatsikira kuseri kwa mphuno. Mwa ana kanjira kameneka ndi kakafupi ndiponso kogona, choncho chimfine chimakwera msanga kukafika m'khutu. Nyengo yachisanu ya June ndi July, imene kumapiri kuno imaluma ndithu, pamodzi ndi utsi wa m'khitchini, zimachulukitsa chimfinecho. Mafinya akadzaza m'kachipindako nembanemba ija imabooka, khutu nkuyamba kutuluka mafinya. Imeneyi ndiyo mphenga. Makolo ambiri amaiona ngati chinthu chaubwana chimene chidzatha chokha, makamaka popeza khutu likaphulika ululu umachepa. Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 1917 akadakhala wakale tikadamukayikira, koma uyu ndi wa mu 2017, wa ku Chikwawa: mwa ana a zaka 4 mpaka 6, pafupifupi mmodzi mwa 20 aliwonse adapezeka ndi mphenga yokhalitsa. M'kalasi la Sitandade 1 la ana 100, amenewo ndi ana asanu.

Palinso zina zimene zimagonthetsa mwana: phula lotseka bowo, njere ya chimanga kapena nyemba yoloŵa poseŵera, chikuku, matsagwidi, malungo aakulu ndi matenda oumitsa khosi. Bungwe la World Health Organization lidanena mu 2021 kuti mwa ana khumi aliwonse ovutika kumva, asanu ndi mmodzi vuto lawo likadapeŵeka.

Chimene chimatikhudza ife ndi ichi: mwana wotere kaŵirikaŵiri amamva ndithu, koma amamva theka. Liwu la mphunzitsi limamufika, timawu tating'ono nkutayika panjira. Taganizani za "kola" ndi "khola", "pala" ndi "phala", "kama" ndi "khama". Chosiyanitsa mawu ameneŵa ndi kampweya kochepa chabe, ndipo mvula ikamaomba pamalata, ana anzake akusokosera, kampweyako sikamufika. Polembetsa mawu amasiya "h" nthaŵi zonse, ife nkumuchonga ndi cholembera chofiira osafunsa chifukwa chake. Amayang'anitsitsa pakamwa pathu, amapendeketsa mutu kuti khutu labwinolo litsogole, amayamba ntchito ataona kaye zimene mnzake akuchita. Tikatembenukira kubolodi tikulankhula, phunziro lamuthera pomwepo. Ndipo ngati khutu likununkha, anzake amamuthaŵa pabenchi, iye nkudzisankhira malo kumbuyo kwenikweni, kumene mawu safika.

Kumuyesa sikufuna chipangizo. Mutengereni pamalo achete, muime kumbuyo kwake pa mtunda wa mkono umodzi kuti asaone milomo yanu, mutseke khutu limodzi ndi chala, ndipo munong'one mawu odziŵika kapena manambala kuti abwereze. Mukatero yesani khutu linalo. Akalephera, bwerezani tsiku lina, chifukwa mwana wamanyazi amathanso kungokhala duu. Akalepheranso, musamuike dzina. Muikeni kutsogolo, khutu labwino liloze kwa inu, lankhulani mutamuyang'ana, momveka koma osakuwa, ndipo itanani makolo.

M'khutumo musaloŵetse kanthu. Nthenga ya nkhuku, kamtengo ka machesi, madzi a masamba ndi mafuta ophikira zonsezi zimawonjezera vuto. Njere ikaloŵa musaitokose, mungaikankhire mkati. Mafinya otulukira kunja apukutidwe ndi kansalu koyera, madzi asaloŵemo posamba, ndipo mankhwala odonthezera achokere kuchipatala. Koma kukatupa kuseri kwa khutu, kapena thupi likatentha khosi nkuuma, mwanayo apite tsiku lomwelo.

Kuchipatalako munthu wodziŵa kuunika khutu ndi kachipangizo kanyali sapezeka paliponse. Pamene Dr Wakisa Mulwafu adabwerera kuchokera ku maphunziro ku Cape Town mu 2007 nkuyamba ntchito ku Queen Elizabeth Central Hospital, adali dokotala yekhayo wa makutu, mphuno ndi mmero m'Malaŵi monse. Pambuyo pake adayamba kuphunzitsa ma clinical officer ntchito imeneyi kuti akafike m'zipatala za m'maboma, ndipo mu 2013 ku African Bible College, ku Area 47 mu Lilongwe, kudatsegulidwa chipatala choyeza kumva. Ku Thyolo adayesa kuphunzitsa alangizi a zaumoyo kwa masiku atatu okha. Alangiziwo adapeza anthu oposa 1,700 oganiziridwa kuti ali ndi vuto la makutu, koma amene adabwera kudzapimidwa adali pafupifupi theka basi. Apa ndi pamene mphunzitsi amaposa mlangizi, chifukwa iye amaonana ndi mwanayo m'maŵa uliwonse ndipo angathe kufunsa kholo kaŵiri, katatu, ngati adapita.

Potumiza mwana ku chipatala cha mishoni cha Mtengowanthenga, kapena ku chipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi, mpatseni kholo kakalata kachidule: khutu liti, latha miyezi ingati likutuluka mafinya, mawu ati amene mwana adalephera kubwereza. Wopima amene ali ndi mzere wautali pakhomo sangazipeze zimenezi m'mphindi zisanu. Ngati zitapezeka kuti mwanayo samva konse, pali sukulu za ana ogontha monga ya ku Mua m'boma la Dedza ndi Maryview ku Nguludi. Koma ambiri mwa ana amene tawafotokozaŵa adzatsala m'kalasi mwanu, ndipo chimfine cha chaka chamaŵa chikabwera muyenera kuwayesanso.