Gogo atakomoka m'ndege, mkangano unakafika ku Chilomoni

Masiku ano si zachilendo kumva ku Chilomoni kuti agogo a nyumba yakutiyakuti kulibe, akwera ndege. Ana amene anapita ku Joni zaka zapitazo akhazikika, apeza mabanja, ndipo kukabadwa mwana amafuna mayi awo abwere adzathandize pa chikuta. Kale ulendowu unali wa basi basi: kutulukira pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, kufola mzere pa Beitbridge, n'kukafika ku Johannesburg tsiku lotsatira miyendo itatupa. Tsopano amene thumba lawalola amangotumiza tikiti pa foni, ndipo mayi amene sanapitirirepo Lilongwe amapezeka pa bwalo la ndege la Chileka atakolekera kachikwama katsopano. Mtunda wa makilomita oposa 1,300 umatha m'maola awiri ndi mphindi zochepa. Palinso ena amene amanyamuka ali odwala kale, opita kukalandira chithandizo ku India kudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi.

Ndiye funso limene kale linkakhudza anthu ochita bwino okha lalowa m'makomo mwathu: munthu akadwala kumwambako, amamusamala bwanji?

Banja lina la ku Nthukwa linaziona. Mayi wa m'banjamo, wa zaka zopitirira 60, amene amamwa mankhwala a BP tsiku ndi tsiku, ananyamuka ndi mwana wawo wamkazi amene amaoda zovala ku Joni. Unali ulendo wawo woyamba wa pandege. Usiku sanaone tulo. Anadzuka kusanache, nasamba, navala chitenje chatsopano chimene anasungira tsikuli. Tiyi anakana, madzi anakananso. Chifukwa chake anadzaulula atachira: anzawo anawauza kuti chimbudzi cha m'ndege n'chopanikiza komanso chovuta kutseka, ndiye sanafune kukachita manyazi pakati pa anthu achilendo. Koma piritsi la BP anamwa monga mwa masiku onse, m'mimba mulibe kanthu.

Pa Chileka anaima pa mzere nthawi yaitali, kunja kukutentha. M'ndege anakhala phee, manja atagwira lamba, chakudya chitabwera anangochiyang'ana. Itayenda pafupifupi ola limodzi ananong'oneza mwana wawo kuti akumva nseru ndipo thukuta likuwatuluka. Anadzuka kulunjika kuchimbudzi chomwe ankachiopacho. Atangodutsa mipando yowerengeka maso anachita chidima, mawondo nafooka.

Pafupi panali mnyamata wogwira ntchito m'ndegemo, akukankha kangolo ka zakumwa. Anakasiya pomwepo n'kuwawakha m'khwapa mutu usanamenye chitsulo cha mpando. Mwana wawo anathamanga akulira, akufuna kuwakhazika pa mpando kuti awakupize ndi mpango ndi kuwamwetsa madzi. Mnyamatayo anamuletsa ndi dzanja, akuyankhula Chingerezi chothamanga chimene mayiyo, m'mantha akewo, sanachimve bwino. Anawagoneka agogowo chagada m'kanjira ka pakati pa mipando, nayandikiza khutu kukamwa kwawo kuti amve ngati akupuma, nakuwira mnzake. Kenako anachita chimene chikukambidwabe ku Nthukwa mpaka lero: anagwira akakolo a agogowo, nakweza miyendo yawo m'mwamba, n'kuisanjika pa chikwama. Chitenje chatsopano chija chinatsetsereka mpaka m'mawondo.

M'ndege monse munangoti zii. Anthu a mipando yakumbuyo anaimirira kusuzumira, ndipo bambo wina anatulutsa foni. Mtsikana wogwira naye ntchito mnyamatayo anafika atanyamula botolo la mpweya wa okosijeni ndi bulangete. Anawafunditsa kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi, natembenukira kwa bambo wa foni uja n'kumuuza mwamphamvu kuti aibweze m'thumba. Pa chimkuzamawu analengeza kuti ngati m'ndegemo muli dokotala kapena namwino adzionetse.

Anadzuka mayi wina wa kwathu konkuno, namwino, amene anali pa ulendo wake. Iye anagwada kumutu, namasula duku la agogowo pang'ono, nawagwira pamkono kumvetsera mtima, n'kuyamba kuwaitana kuti amayi, amayi, m'Chichewa, motsitsa mawu. Sipanapite nthawi, maso anatseguka. Mwana wawo akuti chinthu choyamba chimene mayi ake anachita, asanafunse n'komwe kuti ali kuti, chinali kutambasula dzanja kufunafuna mkawo wa chitenje kuti achikokere pansi.

Namwinoyo anawayeza BP n'kupeza kuti yatsika kwambiri. Atatsimikiza kuti atsitsimuka ndipo angathe kumeza, ndi pamene anawapatsa madzi ndi chakumwa chotsekemera, pang'onopang'ono. Anawasiya chigonere kwa kanthawi, kenako anawasamutsira pa mipando imene munalibe anthu. Woyendetsa ndege anauzidwa zonse ndipo anagamula kuti ulendo upitirire. Pa Johannesburg panali njinga ya odwala ikuwadikira pakhomo la ndege. Tsiku lotsatira anali atafungatira mdzukulu wawo.

Nkhani inafika ku Chilomoni pa WhatsApp madzulo omwewo, ndipo inafika ndi mbali imodzi: miyendo. Mwana wawo woyamba, bambo wa banja lake amene ndi mkulu kutchalitchi, sanafune kumva zambiri. Kwa iye, mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu sangagwire miyendo ya mayi wamkulu, n'kuitukula pamaso pa abambo osawadziwa, pamene mwana wawo wamkazi ali pomwepo ndipo m'ndegemo muli atsikana ogwira ntchito. Akuti ngakhale kuchipatala amakoka katani. Amayi ambiri a m'deralo anagwirizana naye, ndipo sitinganene kuti maganizo awo alibe maziko.

Aliyense amene anakhalapo pa maliro ku Chilomoni, kapena amene anakwerako phiri la Michiru pa Njira ya Mtanda dzuwa likuswa mtengo, amadziwa zimene zimachitika mayi akakomoka. Abambo amafutuka osauzidwa. Amayi amamasula zitenje zapamwamba n'kupanga mpanda womuzungulira mnzawo. Mkati mwa mpandawo ndi mmene amamumasula zothina, kumukupiza, kumuwaza madzi kumaso. Palibe amene anaphunzitsa zimenezi m'kalasi, koma zimachitika mwachangu ndipo wodwala akadzuka sapeza maso a anthu akumuyang'ana. Munthu amene anakulira m'mwambo wotere akamva kuti mayi ake anagonekedwa pa njira yodutsa aliyense, mtima umamupweteka ndithu.

Komabe pa mwambo wathuwu pali chinthu chimodzi chimene timalakwitsa kawirikawiri, ndipo n'chimene mwana wamkazi uja ankafuna kuchita: kumukhazika tsonga munthu wokomoka ndi kumuthira madzi m'kamwa. Munthu amakomoka chifukwa magazi afika ochepa ku ubongo. Akagona chagada miyendo itakwezedwa, magazi amene anadikha m'miyendo amabwerera ku mtima ndi kumutu, ndipo nthawi zambiri amatsitsimuka msanga. Akamukhazika, mutu umakhalabe pamwamba pa mtima, ndiye amachedwa kudzuka kapena amakomokanso. Madzi othiridwa m'kamwa mwa munthu amene sakudziwa kanthu angathe kulowera kukhosi la mpweya n'kumutsamwitsa. Mnyamata uja anachita zimene anaphunzitsidwa, ndipo n'zimene aliyense wodziwa chithandizo choyamba akanachita.

M'ndege vutoli limakula chifukwa cha malo ake. Ngakhale makina amapopera mpweya m'kati, thupi limamva ngati lili pamwamba pa phiri la mamita 1,800 mpaka 2,400, kutalika kofanana ndi phiri la Zomba kapena kuposerapo. Okosijeni wolowa m'magazi amachepa pang'ono, ndipo mpweya wake ndi wouma kwambiri moti umamwa madzi a m'thupi. Wathanzi sazindikira n'komwe. Koma kwa mayi wachikulire amene sanagone, sanadye, sanamwe madzi, wamwa mankhwala otsitsa BP, wakhala malo amodzi kenako wadzuka mwadzidzidzi, zonse zimakumana pamodzi. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka ku America mu 2013, atasanthula nkhani 11,920 za anthu odwala mwadzidzidzi m'ndege pakati pa 2008 ndi 2010, anapeza kuti zotere zimachitika kamodzi pa maulendo 604 aliwonse. Pa odwala 100 aliwonse, 37 anali okomoka kapena otsala pang'ono kukomoka, 12 anali obanika, ndipo pafupifupi 10 anali a nseru ndi kusanza. Kukomoka ndiye vuto limene ogwira ntchito m'ndege amakumana nalo kuposa lina lililonse.

Achimwene a ku Nthukwa atauzidwa izi sanagonje. Funso lawo linasintha: bwanji sanawanyamule kupita nawo kumbuyo kumene amakonzera zakudya, kumene kuli katani? Bwanji sanadikire mtsikanayo? Mlongo wawo, amene anali pomwepo ndipo poyamba anali wokwiya kuposa onse, ndiye anadzayamba kumuikira kumbuyo mnyamatayo. Akuti kanjirako n'kopapatiza moti anthu awiri sangapatukirane, kangolo kanali katatseka njira, ndipo kunyamula munthu wolefuka m'ndege imene ikugwedezeka n'kufuna kumugwetsanso. Akutinso pa nthawiyo panalibe amene ankadziwa ngati kunali kukomoka wamba kapena mtima waima. Mtima ukaima, mphindi iliyonse yodikira imachepetsa mwayi woti munthu apulumuke, ndipo pamafunika malo olimba ogonekapo munthu kuti amupsinje pachifuwa. Pansi pomwe anagwerapo ndiye panali malo oyenera.

Ife tikuona kuti mnyamatayo sanachite mwano. Akanati adikire kuti papezeke mayi mnzawo wowagwira, ndipo zinthu n'kuipa, banja lomweli likanamuimba mlandu waukulu kuposa uwu. Koma dandaulo la a ku Nthukwa lisatayidwe ngati la anthu osadziwa zinthu. Pakati pa kukwezedwa kwa miyendo ndi kufika kwa bulangete panadutsa kanthawi kochepa, ndipo kanthawi kameneko n'kamene kanawawa. Sikakanavuta kukatseka. Wogwira ntchito amene amauluka pa njira yodzadza amayi ovala zitenje ayenera kudziwa kuti dzanja limodzi likamakweza miyendo, linalo lizigwira nsalu. Akanatha kuloza mwana wawo kuti agwire chitenje, kapena kupempha amayi awiri a mipando yapafupi kuti atchinge ndi mipango yawo. Amayi a kwathu sakanafunsa kawiri. Mwana wa wodwala amene wapatsidwa chochita amasiyanso kulimbana ndi amene akuthandiza.

Chiyankhulo nachonso chinawonjezera bala. Zimene namwino uja anachita ndi mawu ochepa a Chichewa, mpweya wa m'botolo sukanachita. Ndege yonyamuka pa Chileka itamakhala ndi wogwira ntchito mmodzi yekha wodziwa kunena kuti musaope, tikuwagoneka kuti magazi afike kumutu, mikangano yambiri yotere sibwenzi ikubuka.

Tisaiwale kuti anthuwa si madokotala. Amaphunzira chithandizo choyamba, kupereka okosijeni, kupsinja pachifuwa ndi kugwiritsa ntchito makina odzutsa mtima amene ndege zambiri zimanyamula, ndipo maphunzirowa amawabwereza nthawi ndi nthawi. Bokosi la mankhwala amphamvu nthawi zambiri limatsegulidwira dokotala kapena namwino amene wadzipereka, kapena potsatira malangizo a dokotala wa pansi amene akuyankhula naye pa wailesi. Zoti ndege ipatuke n'kukatera pa bwalo lapafupi amagamula ndi woyendetsa ndege yekha, ndipo m'kafukufuku uja zinachitika pa nkhani 7 zokha mwa 100 zilizonse.

Agogo eni ake salowerera mkanganowu. Anabwerako bwinobwino patapita miyezi, pa ndege yomweyo, atadya phala ndi kumwa madzi monga anawalangizira namwino uja. Akafunsidwa amangoti Mulungu anawaikira anthu pa njira. Koma mwana wawo waona kuti tsopano akamapita ulendo uliwonse, ngakhale wa minibasi wopita ku Limbe, amavala kathalauza kothina m'kati mwa chitenje.

Pali mbali ina imene ku Nthukwa palibe amene akuikamba. Namwino uja atafunsa dzina la mankhwala amene agogowo amamwa, mwana wawo sanalidziwe, ndipo eni ake anangoti ndi timapiritsi toyera ta BP. Mapiritsiwo pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala anali m'chikwama chachikulu kunsi kwa ndege, atakulungidwa bwinobwino pakati pa ufa woyera, mpunga wa Kilombero ndi usipa wopita kwa ana. Mukaima pa Chileka tsiku la ndege ya ku Joni mudzaona kuti ambiri timalongedza chomwecho: za mtengo wapatali m'manja, za kuchipatala pansi penipeni pa katundu. Amene mukuperekeza makolo anu mwezi uno, adyetseni asananyamuke, auzeni kuti chimbudzi cha m'ndege n'chogwiritsa ntchito aliyense, ndipo mankhwala ndi kabuku ka kuchipatala muwaikire m'kachikwama ka m'manja.