Mbalagha ya ku Karonga siifuna wophika wothamanga

Dzina la Karonga likamveka, anthu ambiri a m'mizinda amaganiza za mpunga wa Kilombero. Komatu m'makomo a Angonde, anthu a Mfumu Yaikulu Kyungu, muli chakudya china chimene eni ake amachinyadira: mbalagha. Izi ndi nthochi zaziwisi zophikidwa mumphika umodzi ndi nyama. Si ndiwo zodyera nsima ayi; ndi chakudya chokwanira pachokha.

Chakudyachi chidabadwa ku zimene nthaka ya kumeneko imapereka. Chigwa chochokera ku Kaporo kukafika kumtsinje wa Songwe n'chotentha ndi chachinyontho, motero nthochi ndi ng'ombe zakhala chuma cha anthu kuyambira kalekale. Joseph Thomson, mlendo wa ku Scotland amene adafika kumutu kwa nyanja ya Malawi mu 1879, adachita chidwi ndi midzi yaukhondo yobisika m'minda ya nthochi. Kutsidya kwa Songwe, ku Kyela m'dziko la Tanzania, Anyakyusa, omwe ndi abale a Angonde, amaphikanso nthochi ndi nyama mofananamo.

Amene amayesa kuphika mbalagha ku Lilongwe kapena ku Blantyre kawirikawiri amagwa m'mbuna ziwiri: mwina nthochi zimasanduka phala, mwina nyama imatuluka yolimba ngati chikumba. Zonsezi gwero lake ndi limodzi, kuponya zinthu mumphika nthawi imodzi.

Ntchito imayambira pamsika. Zofunika ndi nthochi zophika, zokhwima bwino koma zobiriwirabe. Nthochi yaiwisi imadzaza ndi sitalichi, ndipo ndiye amene amalimbitsa msuzi popanda kuthiramo ufa. Ikangoyamba kupsa, sitalichiyo amasanduka shuga, nthochiyo n'kufewa ndi kuzuna, zomwe zimaononga kakomedwe konse. Khoko likaonetsa chikasu, nthochiyo yapitirira. Banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi lingakhute ndi kilogalamu imodzi ya nyama, nthochi 15, anyezi awiri ndi tomato anayi.

Nyama yabwino ndi ya ng'ombe yamafupa, monga nthiti kapena chidale. Ena amakonda ya nkhumba kapena ya mbuzi. Mnofu wokhawokha, ngakhale ndi wokwera mtengo, umapereka msuzi wosalala kanthu. Nyamayo imaikidwa pamoto ndi madzi oimiza pang'ono ndi mchere, n'kumabwata pang'onopang'ono kwa ola limodzi ndi theka kapena awiri. M'nthawi imeneyi mitsempha imasungunukira m'madzi, ndipo mphamvu ya mbalagha imachokera pamenepo. Moto wolilima umangophwetsa madzi nyama isanafewe.

Nyama ili pamoto, wophika amasenda nthochi. Utomoni wake umamata m'manja ndipo pachovala suchoka, choncho odziwa amayamba adzola mafuta ophikira m'manja ndi pampeni. Amadula nsonga zonse ziwiri, kung'amba khoko m'litali ndi kulikanganula ndi chala. Nthochi yosendedwa iyenera kugwera m'madzi nthawi yomweyo, apo ayi imada. Zing'onozing'ono zimasiyidwa zathunthu, zikuluzikulu n'kudulidwa pawiri.

Nyama ikafewa, msuzi umatsanuliridwa m'mbale, nyamayo n'kukazingidwa ndi anyezi, kenako tomato mpaka atasungunuka. Pamenepa m'pamene nthochi zimalowa. Zimasanjidwa pamwamba pa nyama, msuzi uja n'kubwezeredwa mpaka ufike m'khosi mwa nthochizo osazimiza, kenako kuvundikira. Mphindi 20 kapena 30 zimakwana. Chikombe sichifunika kwenikweni. Kutakasa kumaphwanya nthochi, n'chifukwa chake ophika ena amangogwira mphika m'makutu n'kuugwedeza. Mpeni ukalowa m'nthochi mosavuta koma iyo osagawanika, mbalagha yapsa, ndipo imakoma koposa ikakhala kaye pambali mphindi zingapo kuti msuzi ugwirane.

Zoonjezera zimasiyana khomo ndi khomo. Ena amathira nsinjiro, ena mkaka wa kokonati monga amachitira ku Tanzania, enanso amakazingira mawese, mafuta ofiira a kanjedza amene amayengedwa m'midzi ya kumpoto kwa bomali. Tsabola ndi bwino aikidwe padera. Zokometsera za m'mapaketi zochuluka zimangophimba fungo la nthochi, lomwe ndilo mwini mphika.

Chodetsa nkhawa chili kumunda. Matenda a chisaka, amene adayamba kuoneka ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990, adafalikira m'maboma ambiri olima nthochi. Amayenda ndi nsabwe za nthochi komanso ndi ana a nthochi otengedwa ku phata lodwala. Mtengo wogwidwa umapinimbira, masamba ake amathithikana pamwamba, ndipo subala mkoko wooneka. Mankhwala ake palibe; alangizi a zaulimi amati phata lonse lizulidwe ndi kuonongedwa, ndipo mbewu yatsopano ichokere kumalo odalirika. Ichi n'chifukwa chake nthochi zambiri zogulitsidwa m'misika ya m'mizinda masiku ano zimachokera ku Tanzania, kulowera pachipata cha Songwe ndi kudutsa m'Karonga momwemo pa msewu wa M1.